Ulimbo pa Miyendo ya Ovolosi

Makina aakulu atangoti zii dzuwa lisanafike paliwombo, make Kadzino anadziwiratu kuti kwagwa kanthu. Makina amenewo ankaima pa nkhomaliro ndi poweruka basi. Nthawi ina yonse ankangogunda, kulavula mabeseni ndi ndowa, moti mwana anazolowera kugona ndi phokoso lake. Atasiya, Kadzino anadzidzimuka kumbuyo kwa mayi ake n'kuyamba kulira.

Make Kadzino anali pampope, kuseri kwa fakitale, pomwe ankachapa maovolosi a antchito. Anali mkazi wa mtima wa m'mwamba. Mwana akagona kwambiri ankamuika chala pamphuno, akakhala chete ankamupisa m'kamwa. Amuna ake, omwe ankayendetsa makinawo, ankamuseka kuti tsiku lina adzafufuza ndi m'kamwa mwa nkhuku za eni. Tsono lero anaima ndi thovu m'manja, akuganiza za dzanja lopanidwa, za magazi, za chipatala.

Koma amene anatulukira pakona sanali wonyamula munthu. Anali a mlonda, akuthamanga mwaukalamba, chipewa chili m'manja.

"Mwanangu, siya zochapazo. Amuna ako ali mu ofesi. Kwabwera wapolisi."

Mu ofesi munali fungo la pulasitiki wopsa. Abwana, eni fakitale, anali chiimire akudzipukuta thukuta. Patebulo panali beseni latsopano, koma lolefuka ngati chipewa chonyowa, ndipo pomwe wina analigwira panatsala zidindo za zala. Wapolisi anakhala pampando wa alendo, munthu wamtima pansi, wolankhula ngati mawu akuwagula. Bambo a Kadzino anali pakona, atazolika mutu. Anali munthu wamtali, ndipo ovolosi yawo, ija ya chigamba chofiira paphewa chimene mkazi wawo anasoka yekha, inkawathera pamwamba pa akakolo.

"Inu ndinu mayi a kunyumba, eti?" anatero wapolisi. "Khalani pansi. Boma silithamanga."

Nkhani yake inali yotere. Pulasitiki ankabwera m'matumba, timibulu toyera timene antchito ankangotitchula kuti mpunga. Unalipo wa mitundu iwiri. Mpunga wouma, wodulawo, ndi umene ankaumbira mabeseni. Mpunga wa ulimbo unali wa ntchito yosakaniza ndi phula la padenga, ndipo unali utakhala nthawi yaitali m'shedi ya kumbuyo osagwiritsidwa ntchito. Wina anakhala akutapa mpunga wouma m'matumba, n'kudzazamo wa ulimbo, n'kusokanso pakamwa bwinobwino. Sikelo sinaone kanthu. Lero matumba amenewo anafika pamakina, chikombole n'kumatirira.

"Makiyi a shedi alipo awiri," anatero Abwana. "Ina ili m'thumba mwangamu. Ina ili ndi uyu. Ndipo a mlonda amuona akulowa kumeneko pa nkhomaliro, osati kamodzi."

"Sindinalowe ine," anatero bambo a Kadzino, osadzutsa mutu.

"Nanga pa nkhomaliro mumakhala kuti, achimwene?" anafunsa wapolisi. "Anzanu akuti simudya nawo masiku ano."



"Abambo ake," anatero make Kadzino, "tawauzani. Si mumadya pansi pa mtengo paja?"

Amuna ake anamuyang'ana kamodzi, maso ofiira, kenaka anayang'ananso pansi.

Wapolisi anausa moyo. "Galimoto yathu ibwera poweruka. Pakamwa pakakhalabe potseka, akagona kwathu. Kumeneko timatsekulitsa."

Make Kadzino anamangitsa nsalu ya mwana n'kutuluka.

* * *

Make Kadzino anawapeza a mlonda pakanyumba kawo ka pageti. Anali nkhalamba yaifupi, yonyadira maso ake kuposa china chilichonse.

"Madala, munawaona nkhope?"

"Maso awa, mwanangu, amaona nyerere ili patsidya pa msewu. Ine ndi amene ndinagwira mbava ya mawaya ija, iwe usanakwatiwe. Bodza sindinena. Ndikanakonda ndikanapanda kuona, poti amuna ako amandigawira tiyi, koma ndinaona."

"Nkhope, madala."

"Nkhope ya chiyani? Munthu akulowa m'shedi amalowa chammbuyo? Ndinaona msana. Ovolosi yabuluu, chigamba chofiira paphewa, chipewa chotsitsa. Pafakitale pano chigamba chofiira chilipo china?"

Chinalibepo. Iye mwini anachidula ku diresi lake lakale.

"Nanga kuseri kuja pa nkhomaliro kumakhalanso ndani?"

"Palibe. Lole basi, imaima pamthunzi pafupi ndi shedi. Koma dalaivala amakhala atafa ndi tulo kunsi kwake. Ndimaona nsapato zake zitatulukira, majombo aja. Munthu uja akadya, ngakhale umuthire madzi." Anaseka. "Kale mkonono wake unkafika kuno kugeti, ngati lole yalira yokha. Masiku ano wachira. Ndinamuuza kuti andipatseko mankhwala ake ndikawapatse akazi anga."

"Wasiya mkonono?"

"Kuli zii. Ukwati wake upulumuka." A mlonda anamugwira mwana kaphazi. "Usandide, mwanangu. Ndanena zimene ndaona."

"Sindikukudani, madala."

Ankanena zoona. Amene ankamuopa tsopano anali amuna ake omwe. Munthu wosalakwa amakaniranji kunena kumene amadya? Masiku apitawa ankabwera kunyumba akung'ung'udza tinthu tosamveka, akawafunsa n'kumati ndi nyimbo. Ndipo mapegi ake oyanikira zovala ankangotha pachingwe, iye n'kumanamizira ana a aneba.

* * *

Lole inali padzuwa, zitseko zili pululu. A dalaivala anali atagwada pakhomo pake, akupala mphasa ya pansi ndi mpeni, botolo la palafini lili pambali. Anali kamunthu kakafupi, kosekaseka, kokondedwa ndi aliyense. Ndi amene ananyamula make Kadzino kupita naye kuchipatala tsiku lobereka, akuimba hutala njira yonse ngati ukwati.

"Alamu! Alamu anga! Bweretsani mkazi wangayo kuno. Iwe Kadzino, dzino limodzi lomweli mpaka liti? Ukufuna ndikakugulire ena kumsika?"

Mwana anadziponya m'manja mwawo akuseka.

"Mwamva zimene zachitika, alamu?"

"Ndamva, ndipo chakudya chandikanika. Munthu wabwino ngati uja! Koma musade nkhawa, zitha izi. Abwana akapsa mtima amakhala ngati ketulo, akawira amazizira."

"Inu mumagona pafupi ndi shedi. Simunamvepo kanthu?"

"Ine? Ndikagona ndimapita kunja kwa dziko, alamu, opanda pasipoti." Anamuvinitsa mwana m'mwamba. Kenaka anatsitsa mawu. "Koma poti ndinu alamu anga, ndikuuzeni. Musakati ndanena ndine. Mukafuna kudziwa kumene achimwene amadyera nkhomaliro, kagogodeni ku labu, koyezera zinthu kuja."

"Ku labu?"

"Kwa mayi a magalasi aja. Chitseko chimatsekedwa, makatani n'kutsitsa. Ine sindinanene kanthu. Mwina amapemphera."

Make Kadzino anatenga mwana wake mosayang'ana, ndipo mwachizolowezi anayamba kumufufuza. Kadzino anali atakunga chibakera, akupita nacho kukamwa. Atamutambasula zala anapeza phala loyera lonanda.

"Ichi n'chiyani? Mwamupatsa chiyani mwana?"

"Aa, pepani, chachokera m'manja mwangamu. Chingamu, alamu. Ana a sukulu amalavula paliponse. Ndinaponda ndi patapata, ndiye onani, patapata wamatirira pamphasa ngati walipira lendi."

Make Kadzino anamupukuta mwana ndi ngodya ya nsalu, n'kuinunkhiza poopa kuti mwina ndi poizoni. Sichinkanunkha kanthu. Koma mutu wake sunali pamenepo. Unali pa makatani otsitsa.

* * *

Ku labu sanagogode. Anangokankha chitseko.

Mayi a ku labu anali atawerama pa kagalasi, akuyeza zidutswa za beseni lolefuka lija. Anali mayi wachikulire pang'ono, wa imvi ziwiri zitatu, wolankhula mothamanga. Koma make Kadzino sanawayang'ane. Anayang'ana kukhoma. Kumeneko kunali zingwe zitatu zomangidwa kuchokera pawindo kufika pa shelefu, ndipo pazingwepo panali mapegi. Obiriwira, achikasu, ndi limodzi lothyoka mwendo limene analimanga yekha ndi ulusi.

"Mapegi anga!"

Mayi aja anatsitsa magalasi, n'kumuyang'ana iye, n'kuyang'ana mwana, kenaka anaphulika kuseka. "Ndinamuuza ine! Ndinati bambo inu, mkazi amakhululuka zambiri koma osati mapegi. Lowani, amake Kadzino. Mwabwera kudzandimenya, eti? Dikirani ndivule magalasi, ndi odula."

"Amuna anga amadzatani kuno?"

"Amadzaphunzira. Akufuna kulemba mayeso a umisiri wa pulasitiki. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, makamaka inu. Akuti inu munafika patali ndi sukulu, iwo analekera panjira, ndiye akalephera asadzakuoneni m'maso."

Make Kadzino anakhala pa sitululu osaitanidwa. Misozi inabwera yokha, ya manyazi ndi ya chimwemwe pamodzi.

"Chitsiru cha munthu," anatero chapansipansi. "Akufuna akagone kupolisi chifukwa cha zimenezo?"

"Kupolisi?" Kuseka kunatha. Mayi aja anali atadzitsekera ndi zoyeza zawo kuyambira pomwe makina anaima, sankadziwa kuti mlandu wagwera ndani. Atamva, anamenya tebulo. "Iyeyo? Munthu amene amalota aisotakitiki? Bwerani kuno muone chimene amuna anu akudziwa."

Anamukokera kuzingwe zija.

"Pulasitiki uyu dzina lake ndi polipuropilini. Pathumba amangolemba PP. Mukanakhala ndi maso oona tinthu tosaoneka, mukanaona kuti ndi matcheni ataliatali, ngati chingwe ichi, ndipo patcheni paliponse pali tinthambi totuluka m'mbali. Ndiwo mapegiwa. Onani chingwe chapamwamba. Mapegi onse ayang'ana mbali imodzi. Ameneyo ndi aisotakitiki. Matcheni otere amagona bwino pamodzi, ngati masupuni m'kabati, ndiye pulasitiki wake amalimba. Ndiwo mpunga wouma uja."

"Nanga chapakatichi? Lina uku, lina uko, lina uku."

"Mwaona nokha. Mosinthanasinthana. Sindiyotakitiki. Amuna anu lilime limawakana pamenepo, amachita kutuluka thukuta."

"Ndiye nyimbo ija imeneyo," anatero make Kadzino, akupukuta m'maso. "Amaimba posamba."

"Chapansichi ndi atakitiki. Mapegi ali balala, lililonse kwake, ngati ana potuluka sukulu. Matcheni otere sangagonerane. Amangopiringizana, ndiye amakhala ofewa, onanda. Mpunga wa ulimbo. Zopangira n'zimodzimodzi, dzina pathumba n'limodzi, kusiyana ndi kumene tinthambi tayang'ana basi. Amauwaza ufa kuti usagwirane m'thumba, ndiye ndi maso simungausiyanitse. Amene anachita izi anawerenga PP uku, PP uko, n'kuti zonse ndi chimodzi. Amuna anu sangaphe makina awo omwe ndi nzeru yotere."

"Ngati maso sasiyanitsa, mumasiyanitsa bwanji?"

Mayi aja anatenga makapu awiri, n'kuponyamo timibulu, uku ta m'thumba lina, uku ta lina. Anathiramo madzi owira a m'ketulo. Patapita kanthawi anavuula ndi supuni. Toyambato tinagwa patebulo n'kudumpha, tili gwa. Tinato tinatuluka titagwirana, ndipo atatipsinja ndi chala tinasanduka phala loyera lotamuka.

Make Kadzino analiyang'ana phala lija. Pang'onopang'ono anatambasula ngodya ya nsalu yake n'kuiika pambali pake. Zinali zofanana. Ndipo anakumbukira kuti chingamu, ngakhale chotafunidwa kale, chimanunkhirabe.

Koma anakumbukiranso china. Maovolosi ankawachapa ndi madzi owira, kuti girisi achoke. Loweruka lapitali ovolosi imodzi inatuluka mumphika ili ndi phala lomweli. Analimbana nalo ndi bulashi mpaka zala kutupa, koma silinathe lonse.

"Bwanji, mwana wanga? Mwatuwa."

"Ulimbo uwu ndinauonapo, asisi," anatero. "Uli pa ovolosi ya amuna anga."

* * *

Kadzino anali akumenya supuni patebulo.

"Mukakanena zimenezo, mwawamanga," anatero mayi a ku labu.

"Akamabwera kuno amavala chiyani?"

"Malaya ndi kabudula. Ovolosi sindilola muno, imabweretsa fumbi. Amaisiya pamsomali kuseri kwa makina."

"Ndi kiyi m'thumba."

"Mayo ine. Ndi kiyi m'thumba."

Make Kadzino anatseka maso. Anaiona ovolosi ija ili pamwala wochapira, yonyowa. Ulimbo sunali pamaondo, pomwe munthu amagwadira. Sunali m'matumba. Unali pamalo amodzi, ndipo nthawi ija anangodabwa n'kupitiriza kuchapa.

Kunja kunamveka galimoto ikuima pageti, ndi mawu a a mlonda akupereka moni wa ulemu wopitirira.

Ananyamula mwana. "Tiyeni, asisi. Mukanene zanu, ine ndikanena zanga."

* * *

Wapolisi anali ataimirira kale, unyolo uli m'manja. Mayi a ku labu analankhula mothamanga, za mayeso, za mapegi, za nkhomaliro zonse zimene munthuyo anakhala pa sitululu yawo. Bambo a Kadzino anabisa nkhope m'manja.

"Mwalankhula bwino, mayi," anatero wapolisi. "Koma a mlonda anaona ovolosi iyi ikulowa m'shedi. Ovolosi siyenda yokha. Ndipo mphunzitsi amakonda mwana wa sukulu wake, eti?"

Make Kadzino anapatsira mwana mayi a ku labu. Anapita kwa amuna ake n'kugwada pamapazi awo.

"Taimirirani, abambo ake."

Anaimirira. Iye anagwira mwendo wa ovolosi n'kuuonetsa kuwala. Pamwamba pa mpendero, kutalika kwa chikhatho ndi theka, panali mzere wotuwa wozungulira mwendo wonse. Mwendo winawo chimodzimodzi.

"Uwu ndi mpunga wa ulimbo, abwana. Unasungunuka mumphika mwanga."

Wapolisi anawerama, anaukanda ndi chikhadabo, anadzuka. "Mayi, mukudziwa chimene mwachita? Mwabweretsa umboni nokha. Ulimbo umenewu umapezeka m'shedi mokha."

"Amake mwana," ananong'ona amuna ake, "ukutani?"

"Khalani chete inu, munakhala chete tsiku lonse." Mawu anamutuluka okwera kuposa mmene ankafunira. "Abwana, taonani pomwe ovolosiyi ikuthera. Imawaperewera. Akakolo ali pamtunda. Chaka chonse ndakhala ndikupempha yaitali, a ku ofesi akuti kulibe saizi yawo. Tsono mzere uwu ndi wa popinda. Munthu akapinda miyendo ya buluku, tinthu timagwera m'mapindomo, n'kupanikizika momwemo. Munthu wamtali chonchi angapinde chovala chomuperewera kale? Kuti chifike m'maondo?"

Wapolisi anayang'ana akakolo aja nthawi yaitali.

"Ndiye kuti anavala ndi munthu wamfupi," anatero.

Onse anatembenukira kukhomo, komwe a mlonda ankasuzumira.

"Ine?" anakuwa a mlonda. "Ndidzione ndekha msana ndili pageti?"

"Si inu, madala," anatero make Kadzino. Apa mawu anatsika, chifukwa chimene chinatsala chinali chowawa. "Munati mumaona majombo kunsi kwa lole, koma mkonono munasiya kuumva. Majombo alibe mphuno. Mwini wake amayenda ndi patapata, ndipo patapatayo wamatirira pamphasa ya lole. Ndiponso pafakitale pano palibe ankadziwa kumene amuna anga amapita pa nkhomaliro, kupatula mayi a ku labu. Ine ndemwe sindinkadziwa. Koma munthu mmodzi wandilozera chitseko cha labu."

Anawaitana a dalaivala. Analowa akumwetulira, akupukuta palafini m'manja.

"Kuli phwando muno? Bwanji osandiuza ndibwere ndi mbale?"

"Achimwene aatali, vulani ovolosi," anatero wapolisi. "Achimwene aafupi, tayesani kuvala. Tikungoona saizi."

"Ine ndilowe m'tenti imeneyi? Mukandifunafuna mawa!" Anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. Analowetsa miyendo, anakokera m'mapewa. Nsalu inaunjikana pansi, kuphimba mapazi.

"Tayendani mufike pawindo."

Anaponda kamodzi n'kupunthwa. Ndipo asanaganize, manja anachita zimene anazolowera. Anawerama, anapinda mwendo uwu kawiri, uwo kawiri, mwachangu ngati munthu womanga nsapato zake. Atadzuka anapeza onse akuyang'ana pansi. Mapindo anali atagwera pamzere wotuwa uja ndendende.



A dalaivala anakhala pansi, pasimenti pomwepo. Kankhope kosekaseka kaja kanakalamba nthawi imodzi.

"Pali mkulu wina amaumba zipeso kuseri kwa nyumba yake," anatero. "Ndi amene amagula. Koma alamu, ndikulumbira, sindinafune kuti zigwere achimwene. N'chifukwa chake ndinkadzazamo wina uja, kuti sikelo ikwane, pasapezeke wofunsidwa. Pathumba palembedwa chimodzimodzi. Ndinkati mpunga ndi mpunga."

"Nanga zija za makatani?" anafunsa make Kadzino.

A dalaivala anangoyang'ana mapazi awo.

Powatulutsa, Kadzino anawatambasulira manja akuseka, dzino lake limodzi lili mbee. Mayi ake anamukumbatira kwambiri. Kenaka anatembenukira kwa a mlonda.

"Madala, kawatengereni majombo awo kulole. Asapite ndi mapazi. Simenti ya kumeneko imazizira."

A dalaivala anaima pakhomo ngati anene kanthu, koma wapolisi anawakhudza paphewa, n'kupita. Ovolosi anainyamula wapolisiyo, ataipinda bwino pansi pa mkono. Anati ndi umboni wa boma, idzabwera mlandu ukatha.

Ndiye bambo a Kadzino anatsala pakati pa ofesi ndi vesiti ndi kabudula, miyendo yaitali ngati ya kakowa, manja asakudziwa kokhala. Malaya anali atawasiya kunyumba poti kunkatentha.

Abwana anatsokomola. "Nkhani ya kiyi tikambirana mawa, ndipo sikhala yokoma. Chikombole chija uchipala wekha." Anayang'ana beseni lolefuka, kenaka munthu wa kabudulayo. "Mayesowo ndi liti?"

"Mwezi wa mawa, bwana."

"Ukalephera ndidzakuseka ndine woyamba. Tsono usalephere. Ndipo wina amupatse chovala uyu, akuopseza makasitomala."

Mayi a ku labu anavula khoti lawo loyera n'kuwaponyera. Linali lalifupi manja, lothina m'mapewa. Bambo a Kadzino analivala mwamanyazi, akuyang'ana mkazi wawo chammbali ngati mwana woswa mbale.

"Ndimafuna ndidzakuuze nditakhoza," anatero.

"Mukanandiuza muli kundende? Ndikubweretsereni mabuku pawaya?"

"Ndimaopa ungandiseke."

"Ndikusekani kumene. Tikafika kunyumba ndiyamba." Anaima chonyang'ama n'kuyamba kuwamanga mabatani, kuyambira pansi. Pa batani lapamwamba anaima, anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumaondo oonekerawo. Anali asanawaonepo atavala zoyera chikwatirane.

"Bwanji?" anafunsa amuna ake. "Ndikuoneka ngati chitsiru?"

"Mukuoneka ngati dokotala amene akuba amulanda buluku," anatero, akuwakonza kolala. "Tiyeni. Ndipo muyende pakati pa msewu, musakhudze khoma. Wochapa ndine."